Eti osowa chochita?

Sindinagone bwino dzulo chifukwa cha bambo wina mu gulupu lathu la WhatsApp. Ine ndaponya nkhani ya ofufuza za chikhalidwe ku Lithuania, dziko la ku Ulaya, nthawi ya chikomyunizimu, iwo akuti "aaa amenewo anali osowa chochita, kumangozungulira m'midzi kujambula agogo akuimba." Ndi ka emoji koseka pamwamba.

Achimwene, dziko lija linali m'manja mwa boma la Soviet Union la ku Moscow kuchokera 1944 mpaka 1990. Mabanja athunthu ankawadzutsa usiku n'kuwakweza m'mabogi a ng'ombe ulendo wa ku Siberia, minda kulanda kulowetsa mu kolkhoz, minda yokakamiza anthu kulimira pamodzi. Ndiye mwana wa pa yunivesite ya Vilnius anyamule kope ndi tepi rekoda, akakhale pansi ndi gogo wosamva bwino khutu, alembe nyimbo yokololera, ya ukwati, ya maliro, liwu ndi liwu, gogoyo akuyang'anayang'ana pawindo kuti kaya wabwerayu watumidwa ndi ndani, inu mukuti masewera?

Mmodzi mwa ofufuzawo, Jonas Trinkūnas, ndi anzake anakachita Rasos, mwambo wa makolo wa pakati pa chilimwe, m'tawuni yakale ya Kernavė mu 1967, kenako n'kuyambitsa gulu lofufuza za chikhalidwe la Ramuva mu 1969. Boma linatseka gululo mu 1971, mu 1973 iye ntchito ya pa yunivesite inatha. Tandiuzani, munthu wosowa chochita KGB, polisi yachinsinsi ya bomalo, imamulondalonda chifukwa chani? Boma lokhala ndi akasinja limaopa munthu wongocheza ndi nkhalamba?

Inde zina aboma ankalola, magule a pa siteji ndi myuziyamu ya nyumba zakale ku Rumšiškės, poti zinkawakongoletsa. Koma boma lomwelo ndi lomwe linakagumula mitanda pa Phiri la Mitanda kufupi ndi mzinda wa Šiauliai mu 1961. Ankadziwa bwinobwino kuti munthu woimba nyimbo ya agogo ake m'chilankhulo chake sangaiwale kuti kwawo nkuti. Ofufuzawo ankathamangitsana ndi manda, nkhalamba zikupita, midzi ikuphwasuka. Madzi akatayika saoleka bambo.

Ndiye chondinyansa kwambiri, amene akunyozawa foni yawo ndi ya mamiliyoni, rekoda ilimo, palibe wapolisi angawagwire, koma muwafunse nthano imodzi yokha ya agogo awo angokuti kukamwa yasaa. Mufonimo mwadzaza mavidiyo a TikTok ndi zithunzi za mbale ya chipisi. Ineyonso agogo anga anapita ndi nyimbo zawo zapamtondo zonse, foni ili m'thumba, ndimangoti ndijambula pa Khrisimasi.