Galimoto yokalika sindiiopa, ndimaopa yonyezimira kwambiri ija

Ndilankhuleko za galimoto zomwe timakagula kwa madila ku Blantyre, chifukwa ife akuchigwa kuno ndalama tikuzitaya tokha. Munthu wadzuka mbandakucha pa Nchalo kapena pa Bangula, wakwera minibasi, wadutsa pa Thabwa nkukwera mapiri aja, m'thumba muli ndalama za ng'ombe zomwe wagulitsa pa Ngabu kaya loni ya kuntchito, nde akafika payadi choyamba kuyang'ana ndi chani? Penti. Azungulira galimoto yonse kusaka pokalika, akapeza kamzere kamodzi pachitseko nkhope yagwa, ati iyi ayi. Kenako aloza ina yapambali yowala psuu, matayala opaka polishi, mkati mukununkhira pefyumu, ati galimoto nde iyi. Amwene, apa mpomwe timapwetekera.

Tiyambe ndi komwe galimotozi zimachokera. Zambiri ndi za ku Japan, ma Sienta, Probox, Passo, Vitz, Freed ndi tima Mira tija. Zinayenda kale zaka zambiri m'manja mwa eni ake, kenako zakwera sitima mpaka Dar es Salaam, zaima padoko, dalaivala wazitenga pamsewu kudzalowera pa Songwe, kudutsa Karonga, kukwera Chiweta mpaka kufika kummwera kuno, ulendo wopitirira makilomita 1,500 kumbuyo kwa mathiraki othovola timiyala. Nde galimoto yoteroyo, yazaka 10 kapena kuposa, mukufuna boneti yake ikhale yopanda ngakhale kachipsera kamodzi? Ine ndikaona bampa yokalika pakona, timadontho ta miyala kutsogolo, tizipsera pamalo ogwira potsegula chitseko, mtima umakhala pansi chifukwa ndikudziwa kuti penti imeneyo ndi yomwe inachoka nayo kufakitale. Yopanda chilema chilichonse ndi yomwe imandipatsa mafunso, yapentedwa liti, ndipo pansi pa pentiyo pali chani.

Pansi pa penti yatsopano nthawi zina pamangokhala mikwingwirima yomwe dila amafuna kubisa kuti akweze mtengo, izo nzochepa. Koma nthawi zina pamakhala fila (phala lomatira pomwe chitsulo chinapindika) wokhuthala pomwe galimoto inawombedwa, kapena dzimbiri lomwe angolikwecha pamwamba nkupopera. Kumpoto kwa Japan monga ku Hokkaido nthawi yozizira amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke, mcherewo umadya galimoto kunsi, pamwamba ili bwinobwino. Fila ndi dzuwa la kuno sizigwirizana, mu October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 40, chitsulo chimafutukuka masana nkubwerera usiku, kuphatikiza kugwedezeka kwa msewu wa East Bank, pakangopita miyezi pang'ono mumayamba kuona ming'alu pomwe panali posalala. Nthawi imeneyo dila foni sakuyankhanso.

Kudziwa sikovuta ayi. Tengani kamaginito kakang'ono, kukulungani kansalu kuti musakale galimoto ya eni, muyendetse pazitseko ndi m'mbali, pomwe pali fila wambiri sikagwira bwino (pabampa musayese, ndi pulasitiki imeneyo kkk). Yang'anani mtundu wa penti padzuwa mutaima chapambali, chitseko chimodzi chikasiyana ndi chinzake ndiye kuti chinapoperedwa. Onani mphira za m'mawindo ngati zili ndi timadontho ta penti. Mipata ya pakati pa boneti ndi mbali zake ikhale yofanana uku ndi uku. Mabawuti ogwira boneti ndi zitseko akaoneka kuti sipanala inadutsapo, funsani chifukwa chake. Ndipo musalole kuonetsedwa galimoto yonyowa, madzi amabisa zokalika zonse, nchifukwa chake ena mukangoti ndafika pa Ginnery Corner mumapeza anyamata ali kalikiliki ndi ndowa. Dikirani iume. Musagulenso chakumadzulo poti mukuthamangira minibasi yomaliza, bola kugona kwa achibale ku Chilobwe nkuiona m'mawa kukuwala.

China chomwe ambiri sitifunsa ndi auction sheet. Galimoto yomwe inadutsa pa okushoni ku Japan imakhala ndi pepala lomwe woyendera analemba chilema chilichonse pachithunzi cha galimotoyo. Zambiri ndi Chijapani koma zilembo zake aliyense atha kuwerenga. A ndi pokalika, A1 pang'ono, A3 kwambiri. U ndi pomwe chitsulo chinalowa mkati. W ndi pomwe anakonzapo kale nkupenta, S ndi dzimbiri, XX ndiye kuti chitseko kapena mbali imeneyo inasinthidwa. Pamwamba pamakhala giredi, 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 ili ndi zipsera zooneka, koma mukaona R kapena RA dziwani kuti inachitapo ngozi nkukonzedwa. Sikuti galimoto iliyonse ili nalo pepalali, ndipo mapepala abodza aliponso, nde nambala ya chasisi yapapepala muifananize ndi yapagalimoto. Koma dila yemwe akuti iyi ndi giredi 4.5 bwana, mukati tione pepala nkuyamba kukamba za mafuta kuti simwa, ameneyo mwamumva kale.

Pomwe ndimakondera zipsera kwenikweni mpoti sizinama. Mailosi anthu amabweza, zimenezo tonse tikudziwa, koma kutha kwa zinthu sikubwezeka. Galimoto ikuwerenga makilomita 60,000 koma mphira ya popondera buleki yatha mpaka chitsulo chikuoneka, chiwongolero chasalala chikuchita kuterera, mpando wa dalaivala waphwa mbali yotsikira, lamba wathothoka ulusi. Ndani akunama pamenepa, mphira kapena wotchi ya mailosi? Nde dila akasintha zonsezi, kuvala mipando makava atsopano ndi chiwongolero chomwe, wandichotsera mboni zanga. Makava ndimapempha avule ndione mpando weniweni.

Kwa galimoto zoyenda kale pa Malawi pano pali nkhani ya madzi, ndipo ife akuchigwa sitifunika kuuzidwa. Namondwe Ana mu January 2022, Freddy mu March 2023, galimoto zingati zinamira kuno ndi ku Blantyre komwe? Sizinatayidwe zonse zija, zina zinatsukidwa nkubwerera pamsika. Kwezani kapeti, lowetsani dzanja pansi pa mpando, tsegulani mokhala tayala la sipeya. Mukapeza dothi losalala louma m'makona kapena njanji za mipando zachita dzimbiri pomwe kunja kuli kowala, isiyeni. Ya madzi imavutitsa mawaya, lero mawindo sakutsika, mawa siyikulira, makaniko aliyense kuyambira Dyeratu mpaka Nsanje boma adzakudziwani dzina.

Tsono ndisaname kuti chilema chilichonse chakunja nchongoona ndi maso. Galasi lakutsogolo likakhala ndi kamng'alu, kutentha kwa kuno kuphatikiza AC mkati kamathamanga mpaka mbali ina, ndipo pa COF (poyezetsa galimoto ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu) kadzakuvutitsani. Magetsi akutsogolo omwe asanduka achikasu nkuchita chifunga aja si nkhani ya maonekedwe chabe, tsikani nawo mapiri a Chikwawa usiku mukakumane ndi ngolo yopanda chowala kapena kabaza pa Kamuzu Bridge muone. Pokalika pofika pachitsulo pamafunika kutseka msanga mvula isanayambe. Matayala nawo, zina zimabwera ndi matayala a nthawi yozizira a ku Japan, mapeto ake amaoneka akuya bwino koma mphira yake ndi yofewa, pa tara wotentha wa M1 amatha ngati sopo. Pambali pa tayala pali manambala anayi, 2318 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2018, werengani nokha zaka.

Izi nde zokanenerera mtengo. Ndipo apa ndili ndi mawu ndi madila. Mukaloza chilema yankho lawo ndi limodzi, ndi second hand bwana, mukafuna yopanda kanthu kagulani yatsopano. Zoona, ndi second hand, sindikukana. Koma mtengo wake bwanji mukutchula ngati yopanda kanthu? Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 penti, galasi, nyali, chilichonse chinakwera, kupenta chitseko chimodzi si ndalama yamasewera. Chilema chikhalepo, ndachivomera, koma chioneke pamtengo. Osati mtengo wa giredi 4.5, galimoto ya 3.5, pamwamba pake dobadoba yemwe wangondilozera geti naye akufuna yake.

Komanso tinene zoona, galimoto ikabwera kuno ikhala yowala masiku angati? Minga ya m'njira za kumudzi, mbuzi kukwera pa boneti mukaimika pansi pa mtengo, njinga za kabaza pamsika wa Nchalo, mathirakitala a nzimbe, fumbi lomwe ana amalembapo mayina ndi chala. Dzuwa lokha limasuwa penti ya padenga nkung'amba dashibodi ngati mulibe shedi. Kulipira ndalama zoonjezera chifukwa cha kuwala komwe kutathe Khirisimasi isanafike, pomwe mashoko, giyabokosi ndi radiyeta simunayang'ane nkomwe, ine ayi. Ndalama imeneyo bola kulipira makaniko wanu wokhulupirika mukwere naye minibasi, akalowe kunsi kwa galimotoyo, muiyendetse mpaka injini itenthe muone ngati fani ikuzungulira, poti galimoto yotentha injini phiri la ku Thabwa silikwera.

Madila, chomwe tikupempha nchochepa. Pa WhatsApp ndi pa Facebook musamangojambula mbali yabwino galimoto ili yonyowa. Jambulani mbali zonse, denga, mipando yopanda makava, pokalika pomwe muonetse pafupi, munthu wa ku Marka kapena ku Makhanga adziwe chomwe akupitira asanawononge thiransipoti. Ndipo musandipentere. Isiyeni momwe yatsikira, mutsitse mtengo, ndikafuna kupenta ndikapeza wanga wowongola ndidzaimirire pompo ndikuona chomwe akupaka.