Ma mnemonic a pharmacology ndi abwino koma tisamangowameza

Anzanga amene muli ku nursing, clinical medicine ngakhale pharmacy, mayeso akayandikira ma group a WhatsApp amadzaza ndi ma mnemonic, zidule zija za zilembo zothandiza kukumbukira, aliyense kutumiza ake. Inenso anandithandiza kwambiri, sindikudana nawo ayi. Chomwe chimandivuta ndi chakuti ambiri timaloweza zilembo basi osafunsa kuti mankhwalawo akutani kwenikweni m'thupi.

Tengani SLUDGE uja, mnemonic ya zizindikiro za munthu amene wamwa poizoni. Munthu wamwa tameki kapena mankhwala opopera mbewu, abwera naye usiku, malovu ali chuchuchu, misozi, mkodzo, kutsegula m'mimba, kusanza, zonse zili pa list ija eya. Koma chimene chimapha munthuyu mwachangu ndi madzi odzaza m'mapapo ndi mtima kugunda pang'onopang'ono, ndipo zimenezi mu SLUDGE mulibemo. Amene anamvetsa kuti poizoniyo watseka acetylcholinesterase, enzyme yomwe imaphwanya acetylcholine wa m'mitsempha, ndiye acetylcholine wangochuluka ndipo thupi likutulutsa madzi paliponse, ameneyo amathamangira kumvetsera pachifuwa ndipo amadziwa kuti atropine, mankhwala olimbana ndi poizoniyu, timapitiriza kupereka mpaka pachifuwa pauma, osati kubaya kamodzi n'kukakhala pansi. Kenako ma side effect a atropine sufunikanso kuloweza, amabwera okha, poti iye amaumitsa ndiye kukamwa kuuma, mtima kuthamanga, mkodzo kukana kutuluka.

Njira ina yomwe ndimaikonda ndi kuyang'ana kumapeto kwa dzina. Atenolol, propranolol, onse a -olol amachepetsa liwiro la mtima, ndipo propranolol kwa munthu wa asthma ayi ndithu chifukwa amapanikiza njira za mpweya. A -pril ngati enalapril ndi captopril amabweretsa chifuwa chouma chosatha ndipo mayi woyembekezera sapatsidwa. Amlodipine amatupitsa mapazi, mwawaonapo azimayi a BP akudandaula kuti nsapato sizikulowa.

Za TB ndiye ndimafuna tizizikumbukira ndi nkhope za odwala osati zilembo za RHZE zokha, zija zoimira mankhwala anayi a TB. Rifampicin amafiiritsa mkodzo ngakhale misozi ndi thukuta, agogo mukapanda kuwauza tsiku loyamba adzaganiza kuti akukodza magazi n'kusiya mankhwala. Isoniazid amabweretsa dzanzi ndi kutentha kumapazi, n'chifukwa chake timaphatikiza pyridoxine. Pyrazinamide ndi kuphwanya m'mfundo, ethambutol ndi maso. Ndipo rifampicin yemweyo amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, ndiye munthu wa ma ARV amene ali pa TLD, piritsi lomwe muli dolutegravir, amawonjezeredwa dolutegravir wina wa 50mg patatha maola 12, komanso mapiritsi olera ndi implant mphamvu yake imachepa. Ichi ukachimvetsa kamodzi chimakuyankhira mafunso ambirimbiri pa pepala limodzi.

Chomwe ndimapanga ine ndi kulemba dzina la mankhwala pa kakadi, kuseri n'kulemba m'Chichewa momwe ndingamuuzire wodwala pa windo. Monga LA, mumwe kawiri pa tsiku masiku atatu, mutadya kanthu kamafuta kapena mkaka kuti alowe bwino m'thupi, musasiye ngakhale mutapeza bwino. Ndikakanika kulemba kuseriko ndiye kuti sindinamvetse, ndimabwereranso ku notes. Pano ndili pa gentamicin, yemwe amatha kuwononga makutu ndi impso, amene muli ndi njira yanu yokumbukira ma antibiotic ndigawireni mu comment.