Mtsikana wokwiya sachira pouzidwa kuti akhale chete

Maganizo anga lero ali pa atsikana athu a zaka 13 mpaka 17, aja kunyumba timati "ayamba mwano." Mnyamata akamenyetsa chitseko timangoti akukula, ndi mwamuna. Mtsikana akachita zomwezo timaitanitsa azakhali kapena anankungwi kuti amulange, aphunzire kugwada ndi kuyankha motsitsa mawu. Amaphunziradi, koma mkwiyo uja sutha. Umangotulukira pena: kusala mnzake mwezi wathunthu, kumuchotsa pa gulu la WhatsApp, kukana nsima, ena mpaka kudzicheka pamkono.

Pali njira ya uphungu yothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, yotchedwa CBT (Cognitive Behavioural Therapy), imene makolo ndi aphunzitsi tikanaidziwa bwenzi zinthu zikuyendako. Anaikhazikitsa ndi dokotala wa ku America, Aaron Beck, m'zaka za m'ma 1960. Katswiri wa zamaganizo Raymond Novaco anaigwiritsa ntchito pa mkwiyo mu 1975, ndipo m'ma 1980 katswiri wina, Eva Feindler, anaikonza kuti igwire pa achinyamata. Phata lake nali: chinthu chikachitika, munthu asanachitepo kanthu, pamadutsa ganizo. Limadutsa mwaliwiro moti mwini wake salizindikira.

Tiyerekeze mtsikana walowa m'kalasi, wapeza anzake awiri akuseka. M'mutu mwake mwabwera kale kuti "akuseka ine, yunifolomu yanga yathimbirira kumbuyo." Mtima wayamba kugunda, manja achita thukuta, mawu aukali atuluka. Mlangizi wa CBT samuuza kuti usamakwiye. Amamufunsa modekha: unaona chiyani kwenikweni? Unaganiza chiyani? Ukudziwa bwanji kuti amaseka iwe? Pa mlingo wa 1 mpaka 10, mkwiyo unafika pati? Mtsikanayo amalemba zimenezi m'kope tsiku lililonse akapsa mtima, ndipo pakapita masabata angapo amadzionera yekha kuti nkhondo zake zambiri zimabuka ali ndi njala, kapena wagona mochedwa chifukwa cha foni, kapena atsala pang'ono kusamba, kapena aphunzitsi amuchititsa manyazi pagulu. Akadziwa nthawi zake zoopsa, amaphunzira kumva zizindikiro za thupi msanga, kupuma pang'onopang'ono, kutuluka kaye panja, ndi kudziuza mawu amene anawakonzeratu, monga akuti "ndiyankha mtima ukakhala pansi."

Musamuuzenso kuti akamenye pilo kuti mkwiyo utuluke. Katswiri wa zamaganizo Brad Bushman anafufuza zimenezi mu 2002, ndipo anapeza kuti anthu amene ankamenya thumba la nkhonya akuganizira wowalakwira ankatuluka okwiya kuposa amene anangokhala pansi osachita kanthu.

Mbali imene ine ndimaikonda kwambiri ndi yoyeserera kulankhula. Mlangizi amakhala ngati mayi kapena mphunzitsi, mtsikana n'kumayeserera kunena chakukhosi popanda kutukwana: "Amayi, mukandikalipira pamaso pa alendo ndimachita manyazi, ndikupempha muzindiuza tili awiri." Chiganizo chabwinobwino, chaulemu. Koma tinene zoona, ndi amayi angati kwathu kuno amene angachimve osanena kuti "iwe ukundiyankha ine?" Apa ndiye pagona nkhani. Mwana angaphunzire zonsezi kwa mlangizi, koma akafika pakhomo n'kulandira mbama chifukwa walankhula, abwerera ku kumenyetsa zitseko kapena ku chete uja woopsa. N'chifukwa chake ndikuti makolo nafenso tikhale pa benchi lomwelo. Ifenso timakhala ndi ganizo lathu lothamanga: "akundiderera, anthu aziti sindinalere." Umboni wake uli kuti?

Pali chenjezo limene sindingalisiye. Si mkwiyo uliwonse umene umachokera ku ganizo lolakwika. Mtsikana amene amalume ake akumugwiragwira, kapena aphunzitsi akumufuna chibwenzi kuti amupatse malikisi, wakwiya moyenera, ndipo kumuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono popanda kuthana ndi wolakwayo ndi nkhanza ina pamwamba pa nkhanza. Zoterozo zimafunika kukanena, ndipo nambala yaulere ya ana ya 116 ilipo. Ngakhale uja amene amatunga madzi, kuphika ndi kutsuka mbale mchimwene wake ali ku mpira, ali ndi mfundo yofunika kuimva. Komanso kwa achinyamata, kupsa mtima msanga kwa masabata ambiri, pamodzi ndi kusagona ndi kusiya zimene ankazikonda, nthawi zina ndi chizindikiro cha matenda ovutika maganizo. Ameneyo apite kuchipatala.

Ndikudziwa wina anena kuti akatswiri oterewa ali kuti, poti ambiri timangodziwa chipatala cha ku Zomba ndi St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe. N'zoona, ndi ochepa. Koma ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi uphungu wochokera ku CBT yomweyi, n'kuwakhazika pa mabenchi panja pa zipatala zing'onozing'ono, ntchito imene imadziwika kuti Friendship Bench, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anaonetsa kuti anthu ankapezadi bwino. Ife tili ndi magulu a amayi m'masukulu, tili ndi amatroni ku ma hostel, tili ndi anankungwi amene atsikana amadutsa kale m'manja mwawo. Amenewa ndi amene Unduna wa Zamaphunziro ndi wa Zaumoyo ayambe kuwaphunzitsa mafunso aja.