Boma la Blantyre likufunika chipatala chakechake

Anthu akamva kuti ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kwadzaza, amathamangira kunena kuti awonjezere mabedi. Ine ndikuona kuti vuto lagona pansi, m'zipatala zimene zimayenera kumupepuza katundu.

Zipatala zathu zidakonzedwa ngati makwerero. Kumudzi kuli alangizi a zaumoyo, aja oyeza ana kusikelo ndi kubaya katemera. Pamwamba pawo pali zipatala zing'onozing'ono zothandiza malungo, uchembere ndi mabala wamba. Zikakanika apo, wodwala amamutumiza kuchipatala chachikulu cha m'boma lake, ndipo zikavutanso ndi pamene amapita ku chimodzi mwa zipatala zinayi zikuluzikulu: Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Kumeneko ndi kwa madokotala a ukadaulo, opaleshoni zovuta ndi kuphunzitsa ana athu a udokotala.

Nanga Blantyre? Boma lodzaza anthu chonchi lilibe chipatala cha pakatipo. Mayi wa ku Bangwe kapena ku Chilomoni akafunika opaleshoni yobereka, ambulansi imalunjika ku Gulupu, komwe kukudikiranso odwala ochokera ku Nsanje, Mulanje ndi Mwanza. Chipatala chotsegulidwa mu 1958, mzinda udakali waung'ono, chikusenza ntchito ya zipatala ziwiri. Dokotala woyenera kuthera tsiku pa matenda a impso kapena khansa akupezeka akutsegula mabuku a kuchipatala a anthu amene akadathandizidwa kwawo komwe. Izi zimandipweteka mtima kwambiri.

Tisaiwalenso kumene zipatala zathu zidachokera. Amishoni ndiwo adayamba: Dr Robert Laws ku Livingstonia, kumene chipatala cha David Gordon Memorial chidatsegulidwa mu 1911, komanso Nkhoma, Malamulo, Ekwendeni ndi St Luke's ku Malosa. Ankamanga kumidzi, kufupi ndi anthu, ndipo mpaka lero zipatala za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu, ndizo zikuthandiza madera ambiri akutali. Koma kumeneko kumafunika kangachepe, ndiye wosauka wa m'tauni amangoti bola ndikafole pamzere ku Gulupu.

Aphungu athu a mu Blantyre, nkhani iyi muziyikoka m'nyumba ya malamulo bajeti iliyonse mpaka njerwa ziyambe kuwunjikidwa. Ndipo podikirapo, m'zipatala zing'onozing'ono musamasowe mankhwala a malungo a LA, magolovesi ndi mzamba wogonera usiku.