Alan Page ndi chaka cha 1978: kodi thupi la wosewera ndi la ndani?

Anthu akamakamba za a Alan Page amakonda kuthamangira kumapeto kwa nkhani, n'kunena kuti awa ndi katswiri wa mpira wa ku America amene anadzakhala jaji wa khoti lalikulu kwambiri la chigawo cha Minnesota. Zimenezo n'zoona, koma kwa ine mutu wa nkhani yawo wagona pa zimene zinachitika mu Okutobala 1978, pamene timu ya Minnesota Vikings inawachotsa ntchito atayitumikira zaka zoposa 11 osajomba masewero ngakhale amodzi. Maganizo anga ndi akuti timuyo inalakwa, ndipo kulakwa kwakeko kunachokera pa chikhulupiriro chimene chinazika mizu mu NFL, ligi yaikulu ya mpirawu ku America, chakuti timu ikamalipira wosewera ndiye kuti yagula thupi lake lonse pamodzi ndi tsogolo lake.

Kwa amene anazolowera mpira wamiyendo, ndi bwino ndifotokoze kaye ntchito imene a Page ankagwira. Timu iliyonse imalowetsa anthu 11, ndipo imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi yoti iusunthe mayadi 10, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono. Mpata uliwonse usanayambe, mizere iwiri ya amuna amphamvu imayang'anizana atawerama, dzanja lili pansi, zipewa zawo zolimba zitatsala pang'ono kukhudzana, ndipo mpira ukangonyamulidwa amawombana ndi mphamvu zawo zonse. A Page ankaima pakatikati pa mzere wa otchinga, malo amene amawatcha defensive tackle, ndipo udindo wawo unali kuboola mzere wa timu inayo kuti agwetse woponya mpira asanauponye, kapena kutsekereza wothamanga nawo. Kuwombana kumeneku kumachitika maulendo makumimakumi pa masewero amodzi, osawerengera pokonzekera mkati mwa sabata, pamene maso a ochemerera amakhala ali pa mpira umene munthu wa pamzereyu saugwira kawirikawiri.

A Page anabadwa pa 7 Ogasiti 1945 mumzinda wa Canton ku Ohio, anaphunzira pa yunivesite ya Notre Dame kumene timu yawo inatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1966, ndipo a Vikings anawasankha mu 1967. Kumeneko anakumana ndi a Carl Eller, a Jim Marshall ndi a Gary Larsen, ndipo anayiwa anapanga mzere woopsa umene anthu anaupatsa dzina loti Purple People Eaters chifukwa cha yunifomu yawo ya pepo ndi ukali wawo. Ankasewera pabwalo losafolera la Metropolitan Stadium ku Bloomington, kumene mu Disembala nthaka inkauma gwa ndi chisanu, ndipo kochi wawo, a Bud Grant, sankalola zotenthetsera pamalo okhala osewera. Chida cha a Page sichinali kunenepa, chifukwa ankalemera makilogalamu pafupifupi 111 okha. Ankapambana ndi liwiro komanso maso akuthwa, moti nthawi zambiri mnzawo wa mbali inayo ankati akamadzuka n'kuti iwo atamudutsa kale. Mu 1971 anakhala wotchinga woyamba kulandira mphotho ya wosewera wopambana onse mu ligi, ndipo kuyambira pamenepo wotchinga wina amene anailandira ndi a Lawrence Taylor okha, mu 1986. Timu yawo inafika kanayi mu ndime yomaliza ya ligi, yotchedwa Super Bowl, koma inagonja maulendo onse anayi.

Amene anaonapo chithunzi cha manja awo akudziwa mtengo wa ntchito imeneyi. Chala chaching'ono cha dzanja lawo lamanzere chinapindikira kunja, ngati nthambi yothyoka imene inapolera chokhota, chifukwa chinkagweluka mobwerezabwereza akamakoka ndi kukankha anzawo pamzere, iwo n'kumangochibwezera m'malo mwake ndi kupitiriza masewero. Chala chimenechi chili choncho mpaka lero.

Akadali pachimake pa ntchito yawo, a Page anachita zinthu zitatu zimene akuluakulu a matimu a nthawi imeneyo sankazikonda. Anakhala mmodzi wa atsogoleri a bungwe la osewera ndipo anatenga nawo mbali pa kunyanyala ntchito kwa mu 1974, pamene osewera ankafuna ufulu wosankha timu yoti aitumikire mgwirizano wawo ukatha. Analembetsa maphunziro a zamalamulo pa yunivesite ya Minnesota, n'kumawerenga milandu pamene anzawo akupuma, mpaka analandira digiri mu 1978. Chachitatu, chomwe chinadzetsa mkangano waukulu, n'chakuti iwo ndi akazi awo, a Diane Sims Page, anayamba kuthamanga mitunda italiitali, ndipo thupi lawo linatsika kufika pa makilogalamu pafupifupi 100. A Grant anaona kuti munthu wopepuka chotere sangathenso kulimbana ndi zimphona za pamzere, ndipo patangopita masewero 6 a chaka chimenecho timu inawamasula ali ndi zaka 33. A Chicago Bears anawatenga polipira madola 100 okha, malinga ndi malamulo a ligi okhudza wosewera amene timu yake yamutaya.

Sindikufuna kunamizira a Grant kuti anali munthu wankhanza kapena wosadziwa mpira, chifukwa anali kochi wanzeru amene anafikitsa timu yake ku Super Bowl kanayi konse, ndipo mfundo yawo inali ndi pogwira. Pamzere kulemera kuli ndi ntchito, ndipo timu imene ikulipira munthu ili ndi ufulu wofuna kuti azigwira bwino ntchito imene anamulembera. Koma funso loyenera linali lakuti kodi munthuyu akuigwirabe ntchitoyo kapena ayi, ndipo yankho linaoneka ku Chicago. Amene anawatenga kumeneko anali anthu owadziwa bwino: a Jim Finks, amene kale ankayendetsa timu ya Vikings, kochi Neill Armstrong, ndi a Buddy Ryan amene anawaphunzitsapo ku Minnesota. A Page anasewera kumeneko mpaka 1981 ali ndi thupi lomwelo lopepuka, osajombanso masewero alionse, moti popuma anali atasewera masewero 218 otsatizana. Mu 1979, akadali wosewera, anamaliza mpikisano wa makilomita 42 wa Grandma's Marathon ku Duluth. Choncho chimene chinawachotsetsa ntchito sichinali kutha mphamvu. Chinali kukana kuti timu iziwalamula kukula kwa thupi limene iwo ankadziwa kuti adzakhala nalo zaka zina zambiri mpira utatha.

Lero tikudziwa zambiri zimene zikusonyeza kuti iwo anaona patali. Otchinga ambiri a pakati pa mzere masiku ano amalemera makilogalamu 135 kapena kuposerapo, ndipo akasiya mpira thupi loterolo limawasiyira mavuto a mtima, mawondo ndi msana. Choopsa kwambiri chili m'mutu. Mu timu ya Pittsburgh Steelers imene inagonjetsa a Vikings mu Super Bowl ya mu Januwale 1975 munali mnyamata wina wa pamzere, a Mike Webster, amene pambuyo pake anakhala katswiri wodziwika. Atasiya mpira mutu wawo unasokonekera, anafika pogona m'galimoto, ndipo anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 50. Dokotala wobadwira ku Nigeria, a Bennet Omalu, atapima ubongo wawo anapezamo matenda otchedwa CTE, amene amabwera chifukwa cha kugundagunda mutu kwa zaka zambiri. Mu 2017 akatswiri a pa yunivesite ya Boston anapeza matenda omwewa mu ubongo wa anthu 110 mwa 111 amene anasewerapo mu NFL. N'zoona kuti mabanja amene anapereka ubongowo anali oti ankakayikira kale za matendawa, motero chiwerengerochi sichikuimira osewera onse, komabe gulu lalikulu mwa iwo linali la anthu a pamzere. Kuchepa thupi sikuteteza ubongo, ndipo sindikunena kuti a Page anapulumuka chifukwa chothamanga. Ndikunena kuti wosewera amene anaumirira kuti thanzi lake la mawa ndi nkhani yake, osati ya timu, anali ndi chifukwa chomveka chochitira zimenezo, ngakhale panthawiyo ankaoneka wamakani.

Njira ya ku khoti nayo sinali yosalala. Mayeso olowera uloya analephera ulendo woyamba ndipo anakhoza atalembanso. Anagwira ntchito pa kampani ya maloya ku Minneapolis, kenako mu 1985 analowa mu ofesi ya loya wamkulu wa boma la Minnesota. Mu 1992 atafuna kupikisana nawo pa mpando wa khoti lalikulu, bwanamkubwa Arne Carlson anali atawonjezera nthawi ya jaji amene anali pampandopo, zomwe zikanachititsa kuti chisankho chisachitike. A Page anakasuma, anapambana mlanduwo, anapambananso chisankho, ndipo mu Januwale 1993 anakhala munthu wakuda woyamba kukhala jaji wa khotilo. Anthu anawasankhanso mu 1998, 2004 ndi 2010, mpaka anapuma mu 2015 atakwanitsa zaka 70 monga lamulo la kumeneko limanenera. Ine ndimaona kuti loya amene anasumira bwanamkubwa ndi munthu yemwe uja amene anakana kunenepa pofuna kukondweretsa kochi.

Mu 1988 dzina lawo linalembedwa m'nyumba ya chikumbutso cha akatswiri a mpirawu, imene ili ku Canton komwe anabadwira. Mwambo umafuna kuti wolemekezedwayo asankhe munthu womuonetsa kwa anthu, ndipo ambiri amasankha kochi kapena mwini timu. Iwo anasankha mayi amene anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya sekondale ku Minneapolis, ndipo mawu awo ambiri tsikulo anali okhudza maphunziro a ana. Chaka chomwecho iwo ndi a Diane anakhazikitsa bungwe la Page Education Foundation, limene limathandiza achinyamata akuda ndi a mitundu ina yochepa ku Minnesota ndi ndalama za ku koleji, koma wolandira thandizo amayenera kubweza popita kukaphunzitsa ndi kulangiza ana ang'onoang'ono.

Chimene chimandipweteka n'chakuti nkhani ya a Page imagwiritsidwa ntchito ngati umboni wakuti mpirawu umaumba anthu ndipo umawatsegulira makomo. Mpira sunawapatse digiri. Anaipeza polimbana ndi ndandanda ya ntchito imene inkafuna nthawi yawo yonse, ndipo chaka chimene anailandira ndi chomwecho chimene anachotsedwa. Wosewera wamba mu NFL amakhalitsa zaka zitatu ndi pang'ono chabe, alibe dzina loti n'kumuteteza akakana lamulo la kochi, ndipo akavulala amayamba kupempha chimene chinayenera kukhala chake. A Webster anamenyera ndalama za ulumali mpaka imfa, ndipo khoti la apilo linagamula mokomera banja lawo mu Disembala 2006, patapita zaka zinayi iwo ali m'manda. Mu 2013 ligi inavomera kulipira osewera akale ovulala m'mutu, osewera oposa 4,000 atayisumira kaye.