Ukati chilipo, ndionetse

Pali chinthu chimodzi m'masamu chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero. Aphunzitsi amalemba pa bolodi kuti "tiyerekeze kuti nambala yotereyi kulibe", n'kutsika nazo mpaka zinthu zitayamba kutsutsana, kenako amvekere, ndiye kuti ilipo. Choko pansi. Ukafunsa kuti nanga nambalayo ndi iti, akuti zimenezo n'zina. Kwa ine zili ngati munthu wakuuza kuti mbuzi yako yosowa ija ili moyo ndithu, koma kumene ili sakukudziwa, ndipo akudikira kuti umuthokoze.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti si ine ndekha wovuta. Mu 1908, katswiri wa masamu L.E.J. Brouwer wa ku Amsterdam analemba kuti lamulo loti mfundo iliyonse ndi yoona kapena yabodza, popanda zapakatikati, silodalirika pa zinthu zopanda malire. Nambala zikakhala khumi, umaziyesa imodziimodzi n'kumaliza. Nanga zosatha? Tengani funso la Goldbach la mu 1742, loti nambala iliyonse yogawika ndi 2 yoposa 2 imapangidwa pophatikiza ma prime awiri (nambala zoposa 1 zimene zimagawika ndi 1 ndi izo zokha basi), monga 28 ndi 5 kuphatikiza 23. Makompyuta ayesa nambala zosaneneka, palibe yakana, koma umboni sunapezekebe. Brouwer akuti usathamangire kunena kuti "ndi zoona kapena zabodza" usanagwire chimodzi mwa ziwirizo m'manja.

David Hilbert, katswiri mnzake wa ku Göttingen, zinamunyansa. Anati kumulanda katswiri wa masamu lamulo limeneli n'chimodzimodzi kuletsa wankhonya kuponya zibakera. Mu 1928 Hilbert anachititsa kuti Brouwer achotsedwe m'gulu la akonzi a magazini ya Mathematische Annalen. Musawaone kufatsa anthu a masamuwa, nawonso amasunga chakukhosi.

M'kalasi anapambana ndi Hilbert, ndipo sindikuti umboni wa mtundu wakewo tiutaye. Koma mtima wanga uli kwa Brouwer. Taonani njira ya Euclid, katswiri wachigiriki wakalekale, yosonyezera kuti ma prime satha. Chulukitsani 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13, muonjezere 1, mupeza 30031. Igaweni, ituluka 59 kuchulukitsa ndi 509. Ma prime awiri atsopano amenewo, mwawagwira mchira. Ena ankati njira yofuna kuona ndi maso imeneyi siingafike patali, mpaka Errett Bishop mu 1967 anatulutsa buku lathunthu lomanga gawo lalikulu la masamu apamwamba mwanjira yomweyo.

Amene mukukayika za 30031, foni muli nayo m'manjamo.