Ulendo wa agogo mumzinda: malo awiri akwana

Anzanga amene mumakonza maulendo a magulu a achikulire, lero ndinene zakukhosi. Tisiye kuwathamangitsa makolo athuwa. Pulogalamu ya malo asanu tsiku limodzi imakoma papepala pokha. Munthu wa zaka 78 akafika pakhomo madzulo, chomwe akukumbukira ndi mawondo kuphwanya ndi kukwera-tsika kwa basi. Kwa ine malo awiri akwana, ena m'mawa, ena masana, ndipo pakati pake anthu akhale pansi, adye mosafulumira, acheze.

Funso langa loyamba masiku ano si lakuti kumeneko kuli chiyani chokongola ayi. Ndimafunsa kuti chimbudzi chili pati, ndipo chili ndi masitepe angati. Ndinaphunzira izi pa ulendo wina pomwe mayi wina wa m'gulu lathu anakhala tsiku lonse osalawa madzi. Nditawafunsa pobwerera, anandinong'oneza kuti, "Mwanangu, ndimaopa kukuvutitsani panjira." Zinandipweteka mtima kwambiri. Munthu akamakula ludzu silimveka msanga ngakhale thupi likufuna madzi, komanso mankhwala ena a BP amakodzetsa pafupipafupi. Ndiye agogo amangosankha kusamwa, mapeto ake chizungulire, mwinanso kugwa. A shuga nawo nthawi ya chakudya siyenera kusuntha chifukwa choti basi yachedwa. N'chifukwa chake ndimapita ndekha kukayendera malowo masiku angapo ulendo usanafike: kuwerenga masitepe, kuona ngati pali mabenchi ndi mthunzi, ngati njinga ya olumala ingadutse, komanso mtunda wochoka pomwe basi iime.

Nanga kopita? Nyumba yosungiramo zinthu zakale ndimayiika patsogolo. Kumeneko zinthu zimatembenuka, oonetsa alendo amasanduka ophunzira. Agogo akaona wailesi yakale kapena makina osokera opalasa ndi phazi, nkhani zimangotuluka zokha, ndipo bambo amene m'gulu sayankhulayankhula mumangomva akufotokoza momwe ankakonzera chinthucho chikawonongeka. Musawadule pakamwa kuti nthawi yatha. Ulendowo ndi umenewo.

Laibulale yaikulu ya mumzinda anthu amayiiwala, chonsecho muli mipando, muli bata, ndipo zambiri zimasunga nyuzipepala zakale. Pemphani pasadakhale kuti akutulutsireni za zaka zomwe agogowo anali anyamata ndi atsikana. Batalo n'lofunika kuposa momwe timaganizira, pakuti khutu lokalamba limavutika kutola mawu pakati pa phokoso, ndipo m'malo aphokoso agogo ambiri amangomwetulira osamva kanthu. Paki kapena munda wa maluwa ndi wabwino m'mawa dzuwa lisanakwere. Siteshoni ya sitima, bwalo la ndege, kukamvera kwaya ikuyeserera, zonsezi n'zotheka. Pitani mkati mwa sabata, anthu opita kuntchito atadutsa kale.

Ena amati bwanji osangowasiya apume kunyumba. Sindigwirizana nazo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ngakhale a zaka 65 kupita m'tsogolo azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo mu 2023 linakhazikitsa komiti yoona za vuto la kusungulumwa, poona kuti limawononga thanzi. Kuyenda pang'onopang'ono m'paki uli ndi mnzako pambali kumathandiza mbali zonse ziwiri.

Koma chomwe ndikupempha kwambiri n'chakuti tiziwafunsa eni ake. Timakonda kukhala pa komiti n'kuwasankhira ngati ana. Titafunsa gulu lathu, bambo wina anati iwo akungofuna basi idutse pamsewu womwe anagwirapo ntchito zaka zoposa 30. Tinadutsadi. Nyumbayo inagwetsedwa kalekale, pali ina yosanja, koma anatsika ndi ndodo yawo, n'kutiloza pomwe panali geti ndi pomwe ankadikirira malipiro mwezi ukatha. Anzawo anawazungulira, aliyense n'kuyamba kutchula kwake.

Pa 1 October, tsiku lomwe United Nations inapatula mu 1990 kuti likhale la anthu okalamba, tikufuna tidzachite chomwecho tsiku lonse. Tayamba kale kulemba misewu yomwe aliyense watchula, ndipo dalaivala tamuuza kuti aziyenda pang'onopang'ono ndi kuima paliponse pomwe agogo anena kuti "apa".